Malangizo: Kajambulidwe Kabwino ka Wosewera Wanu wa Mugemu

Lero tikulankhula ndi achinyamata osewera eFootball ndi Free Fire pafoni, komanso inu opezeka m'mashopu a PlayStation, amene mumafuna kuonetsa anzanu wosewera wanu atatchena.

Lekani kujambula TV ndi kamera ya foni, chithunzi chimatuluka ndi mizeremizere. M'malo mwake, pa PS4 dinani batani la SHARE, pa PS5 la Create. Pafoni ya Android, dinani pamodzi batani lozimitsira ndi lotsitsira mawu.

Nkhani yaikulu ndi kuwala. Inu a kunyanja mukudziwa kuti mukajambula msodzi m'mamawa dzuwa likutulukira kumbuyo kwake, nkhope imangoda bii. Mugemu ndi chimodzimodzi. Mtembenuzeni wosewerayo kuti kuwala kumuombe kumaso. Kamera itsike mpaka pachifuwa kuti aoneke wamphamvu, ndipo musamuike pakatikati, musiyireni mpata mbali imene akuyang'ana. Pampira, bwezani chigolicho pa replay n'kuimitsa pomwe phazi likukhudza mpira. Magemu ena, monga Marvel's Spider-Man ya 2018, ali ndi Photo Mode yochotsa zolembalemba zonse pasikirini.

Kwezani graphics pa nthawi yojambula yokha, apo ayi foni itentha, batire n'kutha msanga.

Potumiza pa WhatsApp sankhani HD kuti chithunzi chisazimirire. Chonde, musanaponye pagulu, onetsetsani kuti dzina la akaunti yanu ndi mauthenga a anzanu sizikuoneka.