PHUNZIRO 6: M'BINDIKIRO WA 2020: KUMVERA LAMULO NDI KUFUNSA BOMA PA NTHAWI YA MLIRI

Cholinga cha phunziro

Pakutha pa phunziro lino tikhale titadziwa:

1. chifukwa chimene Amalawi adagawanikira pa nkhani ya m'bindikiro m'chaka cha 2020;
2. zimene Malamulo oyendetsera dziko lino amalamula boma likafuna kuchepetsa ufulu wa anthu;
3. udindo wa nzika pamene ikuona kuti lamulo lina likupweteka anthu.

Mau oyamba

Abale ndi alongo, mliri wa Covid-19 udadutsa, koma miliri sidathe. M'zaka za 2022 ndi 2023 kolera idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 boma lidachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre. Tsiku lina boma lidzatiuzanso kuti tisasonkhane, tisayende, kapena titseke msika. Kodi pamenepo tidzatani? Akulu adati nkhanga zidapangana kusanapse. N'chifukwa chake tikufuna tikambirane nkhaniyi lero, mitima ili m'malo.

1. TIONE: Kodi chidachitika n'chiyani?

Pa 20 Malichi 2020, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pangozi chifukwa cha mliri. Sukulu zonse zidatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo misonkhano ya anthu oposa 100 idaletsedwa. Pa 2 Epulo boma lidalengeza kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi matendawa mu mzinda wa Lilongwe.

Pa 14 Epulo boma lidalengeza m'bindikiro wa masiku 21, woyamba pakati pa usiku wa pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi. Misika ikuluikulu idayenera kutsekedwa, ndipo anthu adayenera kukhala pakhomo, kupatula ogwira ntchito zofunika kwambiri monga a zachipatala. Pulezidenti adachenjeza kuti anthu mpaka 50,000 akhoza kufa ngati dziko silichitapo kanthu.

Sipadapite masiku, mavenda ku Blantyre ndi ku Mzuzu adachita zionetsero. Funso lawo lidali limodzi: tikakhala pakhomo sabata zitatu, tidya chiyani? Pa 17 Epulo bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC, pamodzi ndi anthu ena, lidatenga chiletso ku Bwalo Lalikulu la Milandu ku Lilongwe. Woweruza Kenyatta Nyirenda adaimitsa m'bindikirowo kwa masiku 7, ndipo pa 28 Epulo adapitiriza chiletsocho. Tsiku lomwelo Pulezidenti adalonjeza kuti mabanja pafupifupi 172,000 a m'mizinda azilandira K35,000 pa mwezi. Koma ndalamazi zidayamba kufika kwa anthu m'chaka cha 2021. M'bindikiro uja sudachitike konse.

Tisaiwale kuti idali nyengo ya chisankho. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti lidafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019, ndipo chisankho chatsopano chidachitika pa 23 Juni. Zipani zonse zikuluzikulu zidachita misonkhano yokopa anthu, pamene zikwi za anthu zidapanikizana m'mabwalo, pamenenso ana athu adali pakhomo chifukwa sukulu zidali zotseka.

2. Mbali ziwiri za mkangano

Amene ankafuna m'bindikiro adali ndi mfundo. Kachilombo koyambitsa Covid-19 kamafala kudzera mu mpweya ndi timalovu tamunthu wodwala, ndipo munthu akhoza kupatsira anzake iye asanayambe kumva chilichonse m'thupi. Katemera kudalibe. Zipatala zathu zidali ndi mabedi ochepa a odwala mwakayakaya, ndipo mpweya wothandiza odwala kupuma udali wosowa. Madotolo ndi anamwino ambiri adalibe zovala zodzitetezera, mpaka ena adanyanyala ntchito mu Epulo momwemo. Anthuwa ankati kupewa kuposa kuchiza: tikachepetsa kukumana, tichepetsa kufala kwa matenda, ndipo tipulumutsa agogo athu ndi odwala shuga, mtima ndi matenda ena amgonagona.

Amene ankakana nawonso adali ndi mfundo. Anthu ambiri a ku Ndirande, Mtandire kapena Chibavi amadya zimene apeza tsiku lomwelo. Mayi wogulitsa tomato, mnyamata wa kabaza, bambo wa maganyu ndi kondakitala wa minibasi alibe malipiro a pa mwezi, alibe nkhokwe, alibe ndalama kubanki. Ambiri amakhala m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, amatunga madzi pa mpope wogula, ndipo chimbudzi amagwiritsira ntchito mabanja angapo. Kumuuza munthu wotere kuti asatuluke osamupatsa ufa, n'chimodzimodzi kumuuza kuti asankhe pakati pa matenda amene mwina angamugwire ndi njala imene imugwira ndithu mawa.

Padalinso chikaiko. Ena ankaganiza kuti boma likufuna kugwiritsa ntchito mliri kuti chisankho chichedwe. Kaya zidali zoona kaya ayi, chikaikocho chidachititsa anthu ambiri kusamvera ngakhale malangizo abwino a zaumoyo. Ena adafika ponena kuti matendawa kulibe.

Tikayang'anitsitsa, mbali zonse ziwiri zinkateteza chinthu chimodzi, ndicho moyo wa munthu. Ena ankauteteza ku matenda, ena ankauteteza ku njala. Amene adaiwala zimenezi ndi amene adayamba kutukwanana, uyu kumutcha mnzake mbuli, uyo kumutcha mnzake wokhuta.

3. TIWERUZE: Kodi Malamulo a dziko akuti bwanji?

Malamulo oyendetsera dziko lino, amene tidayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, amatipatsa ufulu wokhala ndi moyo (gawo 16), ufulu wogwira ntchito ndi kuchita malonda (gawo 29), ufulu wa chipembedzo (gawo 33), ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere (gawo 38) ndi ufulu woyenda (gawo 39).

Maufulu ambiri mwa amenewa ali ndi malire. Gawo 44 limalola kuti ufulu uchepetsedwe, koma pokhapokha ngati pali lamulo lolembedwa lonena zimenezo, ngati kuchepetsako n'kwanzeru ndi kofunikadi, ndiponso ngati sikukufafaniza ufuluwo kotheratu. Choncho boma silimalakwa likalamula kuti tisambe m'manja kapena tivale masiki pagulu.

Koma boma likafuna kupita patali, n'kuimitsa maufulu ena kwa kanthawi, liyenera kudzera pa gawo 45. Pamenepa Pulezidenti sachita yekha. Ayenera kupeza chilolezo cha komiti ya aphungu yoona za chitetezo, ndipo zimene walengezazo sizingapitirire masiku 21 pokhapokha aphungu awiri mwa atatu aliwonse a Nyumba ya Malamulo atavomereza. Khoti lili ndi mphamvu younika ngati zachitika moyenera. Amene adalemba Malamulowa ankakumbukira nthawi ya chipani chimodzi, pamene anthu ankatsekeredwa popanda mlandu m'dzina la chitetezo cha dziko.

Mu Sepitembala 2020, oweruza atatu a Bwalo Lalikulu adagamula kuti malamulo a m'bindikiro uja adali osemphana ndi Malamulo oyendetsera dziko. Nduna ya zaumoyo idawakhazikitsa pogwiritsa ntchito lamulo la zaumoyo la 1948, chonsecho kulemera kwake kudali kofuna njira ya gawo 45. Khoti lidatsindikanso kuti boma silingatsekere anthu m'nyumba lisanakonze njira yothandizira osauka.

Apa tichenjere. Khoti silidanene kuti matenda kulibe. Silidanenenso kuti boma lilibe mphamvu yoteteza anthu ku mliri. Lidangoti mphamvuyo ili ndi njira yake.

4. Pamene lamulo lidafika pakhomo la tchalitchi

Mu Ogasiti 2020, boma latsopano la Pulezidenti Lazarus Chakwera lidaletsa misonkhano ya anthu oposa 10, kuphatikizapo mapemphero, ndipo lidalamula kuti aliyense azivala masiki pagulu. Maepiskopi athu adadandaula poyera kuti boma silidawafunse, chonsecho maparishi adali atayamba kale kutsata njira zopewera matendawa. Komabe adatiuza kuti timvere lamulolo pamene iwo akukambirana ndi boma. Atsogoleri a mipingo ina ndi a zipembedzo zina nawonso adalankhula. Patangopita masiku owerengeka, boma lidakweza chiwerengerocho kufika pa 100.

Ichi ndi chitsanzo choti tichisunge. Munthu akhoza kutsutsa lamulo mwamphamvu ndi poyera, akulimverabe, mpaka litasinthidwa.

5. Zimene zidatsatira

Kumayambiriro kwa 2021 mliri udabweranso mwaukali. Pa 12 Januwale, nduna ziwiri za boma, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Zipatala zidadzaza. Boma lidatsekanso sukulu, n'kuletsa kuyenda usiku kuyambira 9 koloko mpaka 5 koloko m'mawa. Ambiri amene ankati matendawa ndi a azungu adakhala chete ataika abale awo m'manda. Mliri wonse udatenga Amalawi oposa 2,600 amene adalembedwa m'kaundula.

Nakonso kutseka kudali ndi mtengo wake. Kafukufuku wa boma adapeza kuti m'miyezi imene sukulu zidali zotseka mu 2020, atsikana oposa 40,000 adatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja. Ndipo mu Epulo 2021, ofufuza za chuma cha boma adaulula kuti mbali ya K6.2 biliyoni yolimbana ndi mliri idasakazidwa, zina mwa izo pa maalawansi ndi kugula katundu mosatsata ndondomeko. Nduna imodzi idachotsedwa ntchito ndipo anthu angapo adamangidwa. Munthu wamba amene ankaopsezedwa ndi chindapusa chifukwa cha masiki adali ndi chifukwa chokwiyira.

6. Miyeso inayi ya lamulo la pa nthawi ya mliri

Kuchokera pa zonsezi, nayi miyeso imene nzika ingagwiritse ntchito.

Woyamba: Kodi lamuloli ladzera njira yoyenera? Ndani walikhazikitsa, pogwiritsa ntchito mphamvu iti, ndipo litha liti? Lamulo lochepetsa ufulu liyenera kukhala ndi tsiku lothera.

Wachiwiri: Kodi anthu afunsidwa? Mutu umodzi susenza denga. Mafumu, atsogoleri a zipembedzo, makomiti a misika, aphunzitsi ndi azaumoyo amadziwa zinthu zimene munthu wa mu ofesi ku Capital Hill sangazione.

Wachitatu: Kodi wosauka amuganizira? Katundu wa lamulo asagwere pamutu pa amene alibe nkhata. Ngati msika utsekedwa, thandizo lifike msikawo usanatsekedwe.

Wachinayi: Kodi atsogoleri akulimvera? Lamulo loletsa maliro aakulu koma lolekerera msonkhano wa chipani limaphunzitsa anthu kuti malamulo ndi a anthu ang'onoang'ono okha.

7. Nanga udindo wathu?

Lamulo likalephera pa miyeso imeneyi, tili ndi njira zotsutsira: kulembera phungu kapena khansala, kudandaula ku Bungwe loona za Ufulu wa Anthu kapena ku ofesi ya Ombudsman, kulankhula pa wailesi, kuchita zionetsero zamtendere, ndi kupita kukhoti. Kuswa mashopu, kugenda apolisi kapena kuopseza azaumoyo si njira imodzi mwa izi. Apolisi nawonso alibe chilolezo chomenya munthu chifukwa sadavale masiki.

Koma ngakhale boma litalakwitsa, udindo wanga kwa mnzanga sutha. Chiletso cha khoti chidaimitsa m'bindikiro, koma sichidaimitse kachilombo. Mnyamata wamphamvu amene adakana masiki ponena kuti ndi ufulu wake, ankapita kukadya mbale imodzi ndi agogo ake. Ufulu wanga woyenda sundipatsa ufulu wodwalitsa wina. Choncho zimene ndingathe kuchita popanda kugona ndi njala, monga kusamba m'manja, kukhala pakhomo ndikadwala, kuchepetsa masiku a pa maliro, kupita msanga kuchipatala ndi kusafalitsa mphekesera za pa WhatsApp, ndiyenera kuzichita ngakhale wapolisi palibe.

Ndipo amene ali ndi chakudya m'nyumba asamangodzudzula wotuluka kukasaka ganyu. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Mbale ya ufa yopita kwa mnansi imamusunga pakhomo kuposa chikwapu.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi m'dera lathu anthu adaulandira bwanji uthenga wa m'bindikiro? Ndani amene akadavutika kwambiri ukadachitika?
2. Ndi malamulo ati a nthawi ya Covid-19 kapena kolera amene tidawamvera, ndipo ndi ati amene tidawanyozera? Chifukwa chiyani?
3. Tengani lamulo lotseka sukulu mu 2020, muliyese ndi miyeso inayi ija. Likupambana pati, likulephera pati?
4. Kodi tingasiyanitse bwanji munthu wotsutsa lamulo chifukwa cha njala ndi wolitsutsa chifukwa cha chipani kapena mphekesera?
5. Kodi pali mabanja kapena Akhristu amene adadana chifukwa cha nkhani ya masiki, katemera kapena maliro? Tingawayanjanitse bwanji?

TICHITE

Msonkhano wa Mphakati usanathe, gwirizanani pa zinthu izi:

a) Lembani maina a okalamba, odwala ndi mabanja osowa amene angafunike thandizo mwamsanga mliri utagwa, ndipo musankhe anthu awiri owayendera.

b) Itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzakufotokozereni za matenda amene akuopseza chaka chino.

c) Tumani nthumwi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena kwa khansala, zikafunse dongosolo limene lilipo lothandizira osauka pa nthawi ya ngozi, ndi m'mene ndalama zake zimayendera. Zidzapereke lipoti pa msonkhano wotsatira.