Kuzindikira Nsomba Yogwidwa Kawiri

Msodzi wa pa mtsinje wa Kapoche ku Sinda akakola mlamba waung'ono, naubwezera m'madzi kuti ukule, kodi angauzindikire ukakodwanso? Ambiri amati iai, popeza milamba yonse ifanana. Mau awa ngoona pang'ono cabe.

Taonani mlamba. Uli ndi ndevu 8, zinai kumanja ndi zinai kumanzere. Diso lili uku ndi uku, ndipo munga wolasa uja wa pa cipsepse ulinso mbali zonse ziwiri. Koma maanga a pakhungu salingana cotero: a mbali imodzi asiyana ndi a mbali inzace. Khungu lomwe limasintha, pakuti m'matope limada, pamcenga limayererako. Ndevu yoduka nayonso imaphukanso. Cimene cikhalitsa ndico cipsera cacikuru, monga mlomo wong'ambika ndi mbedza, ndipo msodzi ayenera kukumbukira mbali imene cili.

Nzeru yomweyi igwira nchito ndi ku nyanja yamcere. Ku Tofo, pafupi ndi Inhambane m'dziko la Mozambique, kuli cinsomba ca maanga oyera cochedwa whale shark, cimene cina cimapitirira mamita 12 m'litali. Iri yonse iri ndi maanga ace ace. Akatswiri amajambula maanga a kumbuyo kwa mutu, makamaka a kumanzere; pakuti nsomba imodzi yojambulidwa lero kumanja, mawa kumanzere, ingawerengedwe ngati ziwiri, anthu nayesa kuti nsombazo zicuruka pamene ziri zowerengeka.