Kagalu ka ku Joni kandidanitsa ndi aneba

Azakhali,

Amuna anga anabwera kuchokera ku Joni ndi kagalu koyera, ka mawanga ofiirira kumaso ndi makutu opindikira kutsogolo. Akuti ndi Jack Russell. Kapha anapiye a aneba, kafukula mbatata kudimba, ndipo ndikakamanga pamtengo wa mango kamachezera kuuwa. Bambowo salola kuti ndikakwapule. Apongozi akuti tikakataye kuphiri la Tumbine. Nditani?

Wodandaula, Milange

Mwana wanga,

Kagaluko sikopenga, ulenje uli m'magazi. Ndi ka gulu la agalu otchedwa terrier, ndipo dzinalo ndi la m'busa wa ku Devon ku England, John Russell, amene anamwalira mu 1883. Iye ankaweta agalu ang'onoang'ono olowa kuuna kukavumbulutsa nkhandwe. N'chifukwa chake msinkhu umangolekeza pa masentimita 25 mpaka 30, kulemera makilogalamu 5 kapena 6, koma chilichonse chothawa kamachithamangitsa, fungo la pansi kamalikumba.

Chikwapu sichingachotse zimenezo, ndipo kukamanga tsiku lonse kumangowonjezera ukali. Mankhwala ake ndi kukatopetsa. Amene anakabweretsawo aziyenda nako pachingwe m'mawa ndi madzulo, ola lathunthu patsiku. Kuseri kwa nkhokwe kasiye kazisaka, makoswe atha. Khola la nkhuku mulitchinge ndi waya wokwirira pansi, chifukwa kamalowera kunsi.

Nsima yokha siikwanira; uziwonjezera usipa, mazira owiritsa kapena nyama, koma osati mafupa a nkhuku ophika, amabaya m'matumbo. Uzikayang'ana nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala. Nyengo ya mvula pogona pake pazikhala pouma, kuopa mphutsi za pakhungu. Katemera wa chiwewe amayamba galu akakwana miyezi itatu. Funsa alangizi a ziweto, ndipo khadi lake ulisunge. Kakaluma munthu, tsukani bala ndi sopo kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala.

Za anapiyewo, pitani nonse awiri mukapepese ndi kulipira. Mnzako wapafupi ndiye amayamba kufika pamaliro. Apongozi uwayankhe mwaulemu kuti galu wotayidwa amasanduka wolusa ndi wofalitsa chiwewe.

Agalu amenewa amakhala zaka 13 kapena kuposa. Ngati amuna ako sangakwanitse kukasamala, mukapereke kwa munthu wokhala kumpanda.

Azakhali