Mmene mungaphunzirire chiyambi cha tchesi kwa Fischer ndi Spassky

Ngati mukukonzekera mpikisano, musataye nthawi n'kuloweza mayendedwe ngati nyimbo. Tengani masewera amodzi a akatswiri muwafufuze bwinobwino. Ine ndikukusankhirani masewera achisanu ndi chimodzi a Bobby Fischer ndi Boris Spassky, pomwe ankalimbirana ukatswiri wa dziko lonse ku Reykjavik mu 1972.

Yalani bolodi lenileni, foni ikhale pambali, ndipo mukhale mbali ya zoyera. Fischer, amene ankadziwika ndi kuyamba ndi e4, tsikulo anayamba ndi c4. Sewerani motere: 1.c4 e6 2.Nf3 d5 3.d4 Nf6 4.Nc3 Be7 5.Bg5 O-O 6.e3 h6 7.Bh4 b6. Apa mwalowa mu Queen's Gambit Declined, nthambi ya Tartakower, imene Spassky ankaidalira kwambiri.

Kenako pezani mndandanda wonse wa mayendedwe a masewerawa, muphimbe otsatirawo ndi pepala. Musanasuzumire, nenani nokha chimene mukanachita komanso chifukwa chake. Kusinthana kwa pa d5 ndi e7 dutsani msanga, koma mukafika pa 11.Rc1 Be6 12.Qa4 c5 13.Qa3, imani kaye. Mfumukazi yoyera yayang'anizana ndi yakuda ya pa e7, pakati pali poni imodzi yokha ya c5. Poni imeneyi yamangika. N'chifukwa chake pa kuyenda kwa 18 Fischer anaika kavalo pa d4 osaopa kanthu: Spassky akanamudya ndi poniyo, mfumukazi yake ikanapita.

Pamene ndimapakonda koposa ndi 19.Nxe6 fxe6 20.e4. Khalanipo nthawi, musathamange. Maponi akuda a pa c5, d5 ndi e6 amaoneka olimba, koma Spassky atakankha d4, bwalo la c4 linatsegukira bishopu, ndipo kuchokera pamenepo e6 inakhala pa moto. Spassky anagonja pa kuyenda kwa 41, n'kuwombera nawo m'manja pamodzi ndi owonerera.

Mukatha, tembenuzani bolodi mukhale mbali ya zakuda, mufufuze pamene zinayambira kupotoka. Bwererani pa 14.Bb5. Spassky anayankha a6, koma chaka chotsatira Efim Geller anasewera Qb7 polimbana ndi Jan Timman ndipo anapambana. Itanani mnzanu wa mphamvu zofanana ndi zanu, muyike wotchi, muyambire pa malo amenewa kawiri, mukusinthana mbali.