Mafunso ndi Mayankho pa Kayezedwe ndi Kaikidwe ka Mapisitoni

1. Kodi mmisiri atatsegula injini, ayambire pati?

Asanazule pisitoni ngakhale imodzi, alembe nambala ya silinda pamutu pa pisitoni iliyonse, pa konirodi yake ndi pa kapu yake, pakuti zitsulo zimene zayenda pamodzi zaka zambiri zimadyana mogwirizana, ndipo wozisinthanitsa aputa kugogoda kumene kunalibe. Akhudzenso ndi chala kukamwa kwa silinda, kumene maring'i safikako, pakuti kumeneko kumatsala kamzere kotumphuka, kamene kakapanda kupalidwa kamathyola maring'i pamene pisitoni ikutuluka.

2. Pisitoni ikaoneka yosalala, bwanji osangoibwezera?

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Itatsukidwa mwaye wonse, pisitoni iunikidwe pa kuwala, kufunafuna ming'alu pozungulira dzenje la pini, zokalika m'mbali mwake, ndi kusungunuka m'mphepete mwa mutu, kumene kumachitira umboni kuti injini idatenthapo koposa muyeso. Koma chinyengo chachikulu chimabisala m'tingalande ta maring'i. Mmisiri alowetse ring'i yatsopano m'kangalande, nayeze mpata wotsala ndi fila geji. Pa mainjini ambiri a petulo mpatawo sufika 0.10 mm. Kangalande kakakula, ring'i imagwedezeka pokwera ndi potsika, nkumapopera oyilo kumtunda, ndipo galimoto imafuka utsi wabuluu ngakhale maring'i ali atsopano.

3. Nanga pisitoni iyezedwa bwanji, ndipo pamalo pati?

Tidziwe poyamba kuti pisitoni yozizira si yozungulira kwenikweni. Popeza aluminiyamu amafufuma ndi kutentha pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha buloko, opanga amaichepetsa dala kumutu, kumene moto umafikira, ndi kumbali za pini, kuti ikatentha ikhale yozungulira bwino. Chotero woyeza kumutu kapena motsata pini adzataya pisitoni yabwino, poiyesa yakutha. Mayikulomita igwire siketi ya pisitoni mopingasa ndi pini, pa msinkhu umene buku la injiniyo lanena.

Silinda nayo iyezedwe pamwamba, pakati ndi pansi, ndipo pamalo ponsepo kawiri, motsata buloko ndi mopingasa, pakuti imadyeka kwambiri kumtunda ndi kumbali imene pisitoni imakankhira. Kusiyana kwa muyeso wa silinda ndi wa pisitoni ndiwo mpata wa pisitoni. Kaya ndi silinda ya 81 mm ya injini ya 4A-FE ya Toyota Corolla, kaya ya 96 mm ya injini ya dizilo ya 3L imene yayendetsa maminibasi ambiri a Hiace, mpatawo ngofanana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu, kapena kucheperapo. Ukachepa, pisitoni imagwira ikatentha. Ukakula, imagogoda mmawa injini ili yozizira. Indetu palibe diso kapena chala chokhoza kuweruza mlandu wotere.

4. Silinda ikapezeka yodyeka, tichitenji?

Buloko ipite kwa amisiri a makina kuti akakulitse masilinda onse molingana, ndipo mapisitoni akhale okulirapo, monga a 0.25 mm kapena 0.50 mm, malinga ndi amene opanga injiniyo amatulutsa. Nzeru yake ndiyo kugula mapisitoniwo poyamba ndi kupita nawo, kuti dzenje lidulidwe potsata pisitoni yeniyeniyo. Timizere topingasana timene makina amasiya mkati tisachotsedwe, pakuti ndito timasunga oyilo. Buloko ikabwera, itsukidwe ndi madzi otentha a sopo kufikira nsalu yoyera ituluka yosada, pakuti mchenga wotsalira wa mwala wonolera umadya maring'i m'masiku ochepa.

5. Kodi maring'i atsopano nawo ayenera kuyezedwa?

Inde, onse, iliyonse m'silinda imene idzagwiramo ntchito. Ring'i ilowetsedwe yokha, ikankhidwe ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale chilili osapendekeka, ndipo mpata wa pakati pa nsonga zake uyezedwe. Pa silinda ya pafupifupi 80 mm, ring'i yapamwamba imasiya 0.2 mpaka 0.4 mm. Nsongazo zikakhala zothinana, zimagundana zikatentha, ring'i nkuthyoka ndi kukala silinda.

6. Tsono pisitoni ilowetsedwa motani?

Mbali ya ring'i yolembedwa chizindikiro iyang'ane kumwamba, ndipo mipata ya maring'i isalunjikane, koma imwazikane mozungulira. Muvi kapena kadontho ka pamutu pa pisitoni kaloze kutsogolo kwa injini, kumene kuli lamba kapena tcheni cha taimingi. Mabawuti a konirodi avekedwe tipaipi ta labala kuti asakande kilanki. Atapaka oyilo woyera ponseponse, mmisiri amange maring'i ndi chofinyira chake, nagogode mofatsa ndi mpini wa mtengo. Pisitoni ikakana, aleke pomwepo ndi kuyambanso, pakuti fulumirani adadya gaga, ndipo ring'i yothyokera mkati silira kufikira injini yonse itamangidwa. Mabawuti alimbitsidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu monga mwa buku, ndipo kilanki izunguzidwe ndi manja pisitoni iliyonse ikalowa, kuti yothina idziwike isanalowe inzake.

7. Mwini galimoto udindo wake ndi wotani?

Pa makilomita 1,000 oyamba asanyamulitse galimoto katundu wolemera, asaithamangitse, kapena kuisiya ikungolira pamalo amodzi nthawi yaitali. Kenaka asinthe oyilo pamodzi ndi fyuluta yake. Ndipo polipira ali ndi ufulu wopempha mmisiri kuti amuonetse miyeso imene adalemba ya silinda iliyonse.