MOTA YA MAGETSI YA PA BWATO IKAFOOKA

Asodzi ena pa nyanja ya Kariba ndi pa mitsinje ya Zambezi ndi Kafue amayendetsa mabwato ao ndi kamota koyendera batire. Mota ya mtundu uwu inapangidwa coyamba ndi O. G. Schmidt ku Fargo, m'dziko la America, m'caka ca 1934. Ubwino wace ndi wakuti simacita phokoso lothawitsa nsomba. Koma ikafooka pakati pa madzi, mphepo irikuomba kapena mvuu ziri pafupi, msodzi ali m'zoopsya. Ambiri amathamangira kugula ina, pamene kawiri kawiri colakwa ciri pa batire, pa mawaya kapena pa pulopela. Msodzi wanzeru ayamba wayang'ana zitatuzi asanataye ndalama.

Coyamba: Batire

Mota zing'onozing'ono zimayendera batire ya mavolti 12. Batire yodzala bwino, itapuma maola angapo, imaonetsa 12.6 kapena 12.7 pa mita yoyesera magetsi. Ikaonetsa 12.2, theka la mphamvu latha. Msodzi ayesenso pamene mota irikuzungulira. Nambala ikagwa msanga kufika pansi pa 11, batireyo yatha moto kapena yakalamba.

Mota yaikulu ya mavolti 12 ikathamanga ndi mphamvu yonse imadya maampu ngati 50, kotero batire yolembedwa 100Ah siingafike maola awiri. Batire ya galimoto siyenera pa nchito iyi, pakuti inapangidwira kuliza injini kanthawi kocepa cabe. Yoyenera ndi yolembedwa "deep cycle". Ngati iri ndi zivundikiro, madzi ace azikwirira mapuleti a m'kati, ndipo oonjezamo akhale madzi a batire ogula, osati a mumtsinje.

Caciwiri: Mawaya

Ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pa mitu ya batire umatseka njira ya magetsi. Msodzi amasule mawaya, atsuke mituyo ndi madzi osakaniza ndi soda yophikira, osalola kuti alowe m'kati mwa batire, aipale ndi sandipepala, amange zolimba, ndi kupaka girisi pamwamba. Mota itayenda kanthawi, akhudze mawaya ndi polumikiza ponse. Pamene patentha, mphamvu irikutayika pomwepo. Waya woonda kapena wautali kwambiri acotsedwe, aikepo wonenepa ndi waufupi.

Cacitatu: Pulopela

Pulopela ndiwo mapiko aja ozungulira m'madzi. Asanaikhudze, msodzi acotse waya ku batire, pakuti mota ikadzuka mwadzidzidzi idula zala. Amasule nati, acotse pulopela, ayang'ane kumbuyo kwace. Pamenepo pamakulungana udzu, ulusi wa ukonde ndi cingwe ca mbedza. Cingweco cimalemeretsa mota, ndiponso cimadula kamphira kotseka madzi, madzi nalowa m'kati. Ayang'anenso kacitsulo kopingasa kamene kamagwira pulopela. Kakathyoka, mota imalira bwino koma bwato siliyenda. Mapiko osweka afunika kusinthidwa.

Zitatuzi zikakhala bwino koma mota iri yofookabe, kapena ikamveka kukukuta ndi kununkha copsya, colakwa ciri m'kati mwace: mabulashi atha kapena madzi alowa. Imeneyo ndi nchito ya mmisiri, ndipo kuiyendetsabe ndiko kuiphereratu.

Kusunga Batire

Batire idzazidwe tsiku lomwelo pocokera ku madzi, pa magetsi kapena pa sola, ndipo isatsike kupyola theka. Podzaza imaturutsa mpweya woyaka, cifukwa cace ikhale pamalo popita mphepo, kutali ndi mbaula, nyali ndi fodya. M'madzi ambiri Boma limatseka kusodza kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February. Batire yosiyidwa yopanda moto miyezi itatu imeneyi imaonongeka, ndipo pofika March mwini wace aipeza yakufa. Iyenera kudzazidwa kamodzi pa mwezi ngakhale bwato liri pamtunda.

Ngakhale mota ikhale yatsopano, nkhafi isacoke m'bwato.