Phunziro la Mapazi: Poyenda Wopanda Nsapato ndi Pofunika Nsapato

Ana inu, lero tiphunzira za mapazi. M'kalasi muno ena mwavala nsapato zapakaunjika, ena mwavala patapata, ena mwayenda ndi phazi lokha kuchokera kunyumba mpaka kuno. Lamulo loyamba ndi lakuti pasapezeke woseka mnzake. Makolo athu akale ankalima, kusaka ndi kuyenda maulendo ataliatali opanda nsapato, ndipo anali anthu amphamvu. Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: phazi ndi lolimba, koma nthaka imene timapondapo siifanana. Pali malo amene phazi limapindula likamasuka, ndipo pali malo amene nsapato zimapulumutsa moyo.

Tiyambe ndi phazilo. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26. Mapazi awiri ndiye kuti ali ndi mafupa 52 mwa mafupa 206 a thupi la munthu wamkulu. Mukanyowetsa phazi n'kuponda pasimenti youma, muona kuti mbali yam'kati ya chidindo chake sinagunde pansi. Pamenepo mafupa anapindika ngati uta: mukaponda amatambasuka pang'ono, mukanyamula phazi amabwerera n'kukukankhirani kutsogolo. Minofu ing'onoing'ono ya m'phazi ndiyo imathandiza kugwira utawo, ndipo minofu imalimba ikamagwira ntchito.

Ubwino woyenda wopanda nsapato wagona pamenepa. Zala zimatambasuka n'kugwira pansi, minofu imalimba, khungu limapitidwa mphepo. Mu 1992 madokotala ku India anayeza ana 2,300 ndipo anapeza kuti mwa ana ovala nsapato, pafupifupi 9 mwa 100 alionse anali ndi mapazi aphwatalala, opanda uta uja, pomwe mwa ana oyenda opanda nsapato anali pafupifupi 3 okha. Mu 2019 Daniel Lieberman wa ku yunivesite ya Harvard ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayeza mapazi a anthu a ku Kenya ndi a ku United States. Anaona kuti khungu lokhuthala la munthu wozolowera kuponda pansi limamuteteza, koma silimulepheretsa kumva chimene waponda. Ndipo amene mumakonda masewera muyenera kudziwa dzina la Abebe Bikila wa ku Ethiopia, amene anapambana mpikisano wothamanga makilomita 42 pa Olimpiki ya ku Rome mu 1960 wopanda nsapato.

Nayo nsapato ikakhala yothina imawononga. Imabweretsa matuza, imapanikiza zala, imalowetsa chikhadabo mumnofu, ndipo thukuta likamakhalitsa m'kati mwake pakati pa zala pamayamba kuyabwa ndi kusupuka. Choncho makolo akamakugulirani nsapato, muziiyesa mutaimirira, ndipo kutsogolo kwa chala chachitali kuzitsala mpata wokwana chala chachikulu chakumanja. Pabwalo losesa bwino, pamchenga woyera, m'nyumba yozira kapena yasimenti, mwana wathanzi angathe kuyenda wopanda nsapato popanda vuto.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa tafika pa adani a phazi.

Woyamba saoneka ndi maso. Ndi mtundu wa njoka zam'mimba umene umalowera pakhungu. Munthu amene ali ndi njokazi akadzithandiza patchire, mazira ake amatsala m'dothi. Pamalo achinyontho, ofunda ndi amthunzi, monga patsinde pa nthochi kapena kuseri kwa nyumba m'dzinja, mazirawo amaswa pakatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ikamatha sabata timphutsi take timakhala tikudikira wodutsa. Wina akaponda, timaboola khungu, makamaka pakati pa zala pomwe ndi pofewa. Iye amangomva kuyabwa, n'kukanda, n'kuiwala. Koma timphutsito timalowa m'magazi, timafika m'mapapo, timakwera kukhosi, ndipo munthu amatimeza ndi malovu osadziwa. M'matumbo timakula kukhala njoka zotalika pafupifupi sentimita 1, zimene zimaluma khoma la matumbo n'kumayamwa magazi tsiku ndi tsiku.

Mwana wotere magazi amamuchepera. Amatopa msanga, amawodzera m'kalasi, zikhatho ndi m'kati mwa zikope mumayera, ndipo sakula bwino. Ena timawatcha aulesi pomwe akudwala. Kwa mayi woyembekezera ngoziyi ndi yaikulu koposa. Mapiritsi a albendazole amene azaumoyo amabweretsa kusukulu amapha njokazi, ndipo musamawataye. Komabe mukamwa lero, mawa n'kukapondanso dothi lomwe lija, matendawa amabwerera. Musaganize kuti ndi vuto la kuno kokha. Kum'mwera kwa United States anali ofala kwambiri moti mu 1909 John D. Rockefeller anapereka madola 1 miliyoni olimbana nawo, ndipo anthu ankapatsidwa mankhwala n'kuphunzitsidwa kumanga zimbudzi ndi kuvala nsapato. Njira yake ndi yomweyo mpaka lero.

Mdani wachiwiri mukumudziwa: matekenya. Thekenya ndi kautitiri kotalika pafupifupi milimita 1. Kwawo kwenikweni ndi ku America wakum'mwera ndi zilumba za Caribbean. Mbiri imati kanafika ku Angola pa sitima yapamadzi m'zaka za m'ma 1870, kenako kanafalikira mu Africa. Kakakazi ndiko kamalowa m'khungu, kawirikawiri m'mbali mwa chikhadabo, pakati pa zala kapena kuchidendene. Kamafufuma ndi mazira mpaka kuyandikira sentimita 1, ndipo mumaona kachotupa koyera kokhala ndi kadontho kakuda pakati. Pakadonthopo ndi pamene mazira amatulukira n'kugwera pansi. Amakulira m'fumbi louma: m'nyumba yosazira, pafupi ndi khola la nkhumba, pogona agalu. N'chifukwa chake matekenya amavuta kwambiri m'chilimwe.

Apa patapata yekha sakwanira, popeza kautitirika kamadumpha. Chofunika ndi kusesa, kuzira nyumba kawirikawiri, kuwaza madzi pafumbi, kuika ziweto patali ndi pogona anthu, ndi kusamba mapazi ndi sopo madzulo alionse. Thekenya likalowa, musamalizule ndi minga, phini kapena lezala yobwerekana. Chida chotero chimasiya bala lotukusira, ndipo chingathe kutenga matenda a m'magazi kwa wina n'kupatsira wina. Musathirepo parafini kapena mankhwala ophera tizilombo m'munda. Pitani kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala. Ndipo mnzanu akamatsimphina ndi matekenya, musamusale. Ana ambiri amajomba kusukulu chifukwa cha manyazi ndi ululu.

Wachitatu ndi kafumbata. Ambiri amati amabwera ndi dzimbiri la msomali, koma kachilombo kake kamakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto. Msomali, minga, chisonga kapena galasi zimangokatsegulira khomo. Bala lakuya lokhala ndi kukamwa kochepa ndilo loopsa, chifukwa kachilomboka kamakula bwino kosafika mpweya. Pakapita masiku nsagwada zimauma, thupi limakokana, ndipo ambiri amamwalira. Mukalasidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyera, musapakepo dothi, ndowe kapena phulusa, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone ngati mukufunika katemera.

Palinso njoka zakutchire. Mphiri sithawa ikamva mapazi. Imangogona panjira itafanana ndi masamba ouma, ndipo imaluma woiponda. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Poyenda usiku, potola nkhuni ndi pokolola, valani nsapato zotseka ndipo mdima ukagwa tengani tochi. Munthu akalumidwa, musateme pabalapo kapena kumanga mwendo mothinitsa; munyamuleni msanga kupita kuchipatala. Olima mpunga ndi ogwira ntchito m'madambo, jombo zimawathandiza kupewa likodzo, lomwe nalonso limalowera pakhungu m'madzi okhala nkhono.

Gawo lotsatira ndi uthenga woti mupite nawo kwa makolo ndi agogo. Munthu wodwala shuga asamayende wopanda nsapato, ngakhale m'nyumba. Shuga akakhalitsa amawononga mitsempha yomvera, mapazi amachita dzanzi, ndipo munthu angathe kuponda minga kapena khala lamoto osamva. Mchenga wa mu Okutobala ku Nsanje ndi ku Chikwawa ungamuwotche iye akuyenda bwinobwino. Komanso bala la wodwala shuga limachedwa kupola, ndipo kabala kakang'ono kangathe kudulitsa mwendo. N'chimodzimodzi ndi amene anadwalapo khate. Agogo otere maso awo mwina saona bwino ndipo kuwerama kumawavuta, ndiye ntchitoyi ndi yanu: madzulo alionse muziwayang'ana pansi pa mapazi ndi pakati pa zala, ndipo m'mawa muzigwedeza nsapato zawo kuti timiyala tituluke asanavale. Mukaona bala, tuza kapena kusintha kwa mtundu wa khungu, auzeni akuluakulu kuti apite nawo kuchipatala.

Nonsenu, ovala nsapato ndi osavala, samalani mapazi motere: sambani ndi sopo musanagone, kwechani chidendene ndi mwala mosapyola muyezo, pukutani pakati pa zala, ndipo pakani mafuta kuti ming'alu isakule, pakuti mng'alu ndi khomo la tizilombo.

Ndikudziwa kuti m'mabanja ambiri nsapato ndi imodzi, ndipo imasungidwira kutchalitchi, kumzikiti ndi kusukulu. Mwana amaivala mosamala pamsewu wouma, koma kuchimbudzi ndi kukhola amapita wopanda kanthu kuphazi, komwe ndi kumene kuli ngozi yeniyeni. Zimenezi tizisinthe. Kauzeni makolo anu mwaulemu kuti ngati ndalama zilipo za patapata mmodzi yekha, patapatayo azikhala pakhomo, ndipo aliyense wopita kuchimbudzi, kukhola kapena kudzala azimuvala. Pabwalo loyera sewerani mpira wanu wachikulunga momasuka, koma ponyansa, pathengo ndi mumdima musapondepo wopanda nsapato.